Kukabweza Malupanga ku Biriwiri

Ndinachoka ku Kawale cha m'ma 6 koloko m'mawa, chikwama chachitali chili paphewa. M'menemo munali malupanga anayi achitsulo, obuntha, lililonse lotalika kufika pachifuwa. Mwini wake anali a Ndau, ndipo ndinkapita kukawabwezera.

A Ndau anawadziwira ku Ulaya masewera a lupanga lalitali, atapita kukaphunzira za makina a ulimi. Kumeneko kuli anthu amene amawerenga mabuku a ankhondo akalekale n'kumayeseza kamenyedwe kawo, atavala zipewa za waya ndi majekete okhuthala. Atabwerera anayamba kuphunzitsa Loweruka lililonse m'holo ya tchalitchi china. Ine ndinakhala pansi pawo zaka zisanu ndi chimodzi. Atadwala sitiroko n'kupita kumudzi kwawo ku Biriwiri, gulu linatsala m'manja mwanga. Tinalipo khumi ndi awiri, koma pofika chaka chino ankabwera awiri okha, ndipo bondo langa linkatupa Lamulungu lililonse. Ndinali nditatopa nazo.

Pa depoti kondakitala anagwira chikwama n'kukwinya nkhope.

"Mapaipi amenewa, bwana?"

"Malupanga a masewera."

"Akakhala pampando alipira ngati munthu."

Ndinalipira K10,000 ya ine ndekha, malupanga n'kulowa kunsi kwa mipando, ndipo mpaka ku Dedza anthu asanu ankawapondaponda osadziwa. Minibasi inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wongokanda m'mutu. Mphepo ya Juni inkalowera pa windo losatsekeka n'kumandipeza pa bondo lomwe lija.

Pa Lizulu tinafika cha m'ma 10 koloko, n'kukhalapo pafupifupi ola lathunthu kudikira kuti dalaivala atsirize kutsatsa ndowa ya kachewere. Ndinagula chimanga chootcha, cholimba ngati miyala. Apa panakwera bambo wina wachikulire, chibonga chili m'khwapa, akupita kokavina ngoma ku chiliza cha mbale wake. Phazi lake litagunda chitsulo, ndinamufotokozera. Anasolola lupanga limodzi pang'ono n'kuyesa kulemera kwake.

"Manja onse awiri pa chinthu chimodzi? Nanga chishango mumagwira ndi chiyani?"

"Palibe chishango, bambo. Lupanga lomwelo ndiye limatchinga."

Anapukusa mutu. "Azungu amenewo analibe ng'ombe zopangira zishango."

Ndinatsika pa Biriwiri dzuwa lili paliwombo. Wa njinga yamoto anati K2,000 mpaka pakhomo pa a Ndau, koma pa chitunda chachiwiri injini inakana, ndipo ndinakwera wapansi, chikwama chikundidya phewa, iye akukankha njinga pambuyo panga. Uku ndi uku kunali madimba a kabichi ndi tomato, ndi mapesi ouma a chimanga. Ndinapuma katatu.

A Nangozo, akazi a a Ndau, anandilandira chikwama, koma atamva kulemera anachitula msanga n'kuyang'ana kwa amuna awo. A Ndau anali pakhonde, atafunda bulangete, dzanja lamanja litagona pantchafu ngati la munthu wina. Anali atawonda kwambiri. Titapatsana moni ndi kumwa tiyi ndi kachewere wophika, ndinanena zomwe ndinakonzekera njira yonse.

"Aphunzitsi, ndabweretsa katundu wanu. Ine ndalephera. Anthu anatha, thupi likukana, ndipo mabuku aja ndikawerenga ndekha sindimva kanthu."

Mawu awo tsopano amatuluka limodzilimodzi, ndipo ndinadikira.

"Atsala ndani?"

"A Loveness, namwino uja, ndi a Yusufu a golosale."

"Tulutsani limodzi. Mundionetse kudula kochokera paphewa."

Ndinaima pabwalo, nkhuku zikuthawa, n'kudula kasanu. A Ndau anakweza dzanja lamanzere.

"Mukumenya ndi mapewa, phazi likubwera pambuyo. Bondo likulipira mlandu wa chiuno. Ndinakuuzani kangati?"

"Kambiri."

"Bwerezani."

Ndinabwereza mpaka thukuta, ngakhale kunkazizira. Kawiri kokha anati, "Eya." Kenako anapempha kuti ndiwapatse lupangalo. Analigwira ndi lamanzere, a Nangozo n'kunyamula dzanja lodwala lija kuliika pa chigwiriro, n'kupinda zala chimodzichimodzi. Nsonga inadzuka pang'ono kuchoka pansi, inanjenjemera, n'kugweranso m'dothi. A Nangozo anandinong'oneza kuti ku chipatala anawapatsa kampira kofinya kolimbitsira dzanjalo, koma amakaponya kuseri kwa mpando.

"Ili litsale," anatero a Ndau atapuma. "Atatuwo, ngati mwatopadi, asiyeni. Sindikukakamizani. Inenso ndinkatopa. Masiku ambiri ndinkatsegula holo ija ndikupemphera kuti pasabwere munthu, ndipite ndikagone."

"Simunanenepo."

"Ndikananena kwa yani? Ndikangoti nditseke, ndimaona inu mukutsika njinga pageti."

Ndinaseka, iwonso anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Sitinakambenso za gulu. Anandifunsa za mtengo wa feteleza ku Lilongwe, ndipo a Nangozo anandiikira kabichi awiri m'thumba.

Cha m'ma 3 koloko ndinatsazika. Chikwama chinali chili pamene chinatulidwa paja. Ndinaima pambali pake kanthawi, a Ndau akuyang'ana kumapiri a ku Mozambique ngati sakundiona. Ndinachinyamula.

Pobwerera ndinapeza basi yaikulu yochokera ku Blantyre, yodzaza, ndipo ndinaima chiimire mpaka pa Linthipe. Ndinafika kunyumba kutada, bondo litatupa kuposa kale. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti a Ndau amabwera ku holo chifukwa mtima wawo unkayaka tsiku lililonse, ndipo wanga utazima ndinaganiza kuti ntchito si yanga. Sindinadziwe kuti ambiri mwa masiku amene ndinaphunzira bwino, mphunzitsi wanga ankafuna kukagona.

Ndisanavule nsapato ndinalembera a Loveness ndi a Yusufu kuti Loweruka tikumane 9 koloko. Za Loweruka linalo sindinalonjeze.