Tsiku Limene Naliaka Anaimba Popanda Zokuzira Mawu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala m'nyumba zosanja za ku Pangani. Bambo ankagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo mu Nairobi momwemo. Koleji ina yaikulu inkafuna ana oti akasewere nawo m'sewero la nyimbo ndi magule, ndipo aphunzitsi athu a kwaya anapereka dzina langa.

Tsiku loyamba mayi anandiperekeza pa matatu, minibasi ya kumeneko. Nditalowa m'holo ya pakolejipo ndinangoti kakasi. Nyali zofiira ndi zobiriwira zinkalendewera kudenga, oimba malipenga atakhala m'munsi kutsogolo kwa siteji, ndipo ophunzira ambirimbiri ankaponda pansi nthawi imodzi mpaka matabwa kunjenjemera kumapazi kwanga. Fungo la utoto, fumbi ndi thukuta ndimalimvabe mpaka lero.

Pakolejipo masewero sankatha. Lina likamatha, lina linali litayamba kale kukonzedwa. Koma mphunzitsi wa mawu anali mmodzi yekha, Bambo Otieno, munthu wachikulire amene anali ndi kachipinda kuseri kwa holo. Ophunzira ambiri sankapitako, nthawi analibe. Ine ndinkasirira Wanjiru, mtsikana wamtali amene ankatenga mbali yaikulu m'sewero lililonse. Panalinso Naliaka, wofatsa, woima kumbuyo kwenikweni kwa gulu. Iyeyu anali atakana mbali kangapo kuti asaphonye maphunziro a Bambo Otieno, ndipo ine ndinkamuona ngati wopusa.

Loweruka lina masana, holo itadzaza, tinafika pa nyimbo yaikulu ya seweroli. Wanjiru atangoyamba, zokuzira mawu zinalira kamodzi n'kungoti zii. Anapitiriza kuimba, koma mawu ake anali atasasa kale ndi masewero a masabata ambiri, moti sankapitirira mzere wachitatu wa mipando. Anthu akumbuyo anayamba kung'ung'udza. Wina anafuula m'Chiswahili kuti, “Sauti! Hatusikii!” kutanthauza kuti, “Mawu! Sitikumva!”

Wanjiru sanathawe. Anatembenuka ngati kuti seweroli limayenda choncho, anadutsa pakati pathu, n'kumugwira dzanja Naliaka. Ndinali pafupi, ndinamva akumunong'oneza kuti, “Iwe imba. Koyenda ndikusonyeza ndine.”

Naliaka anamutsatira mpaka kutsogolo. Sankadziwa poima, ndipo anapunthwa kamodzi. Kenaka anakoka mpweya, mapewa osasuntha ngakhale pang'ono, n'kutsegula pakamwa. Mawu otero ndinali ndisanawamvepo kwa munthu. Sankakuwa ayi, koma ankafika kukhoma lakumbuyo n'kubwerera kwa ife. Oimba malipenga anatsitsa zida zawo mmodzimmodzi, n'kutsala ng'oma yokha ikugunda chapansipansi. Ine kuvina ndinaiwala. Ndinangoima, thupi lonse litachita tsemwe. Atamaliza, anthu anaimirira akuomba m'manja.

Lolemba ndinakagogoda pa kachipinda ka Bambo Otieno.

“Ukufuna kuimba nyimbo iti, mwanangu?” anandifunsa.

“Ya Loweruka ija.”

“Imeneyo idikire. Ndiimbire liwu limodzi lokha, ulisunge osagwedera.”

Ndinalephera. Mwezi wathunthu ndinkalimbana ndi liwu limodzilo, iwo akumvetsera maso ali chitsinzire. Kenaka uthenga unabwera woti ndapatsidwa mbali yolankhula m'sewero lotsatira, koma nthawi yokonzekera inali yomweyo ya maphunziro anga. Ndinapempha mayi kuti andisankhire.

“Ayi, mwana wanga, khosi ndi lako,” anatero. “Sankha wekha, ine yanga ndi kukuperekeza.”

Ndinaikana mbaliyo. Ndinalira m'matatu kuchokera m'tauni mpaka ku Pangani, kondakitala n'kumangoti “pole, pole,” ndiye kuti pepa, osadziwa chimene chavuta. Sewerolo ndinakalionera nditakhala pampando, mtsikana wina atavala diresi limene ndikanavala ine.

Lero ndimaphunzitsa kuimba ku Blantyre. Ophunzira anga akamandionetsa makoleji odzitama kuti amachita masewero ambiri pachaka, ndimawafunsa kuti: kumeneko ndani adzakhale pansi kumvetsera mawu ako iwe wekha, ndipo kangati pasabata? Siteji imaonetsa zimene munthu ali nazo kale, siimupatsa zimene alibe. Komabe wophunzira akakhwima sindimusunga m'chipinda. Ndimamukankhira kutsogolo ngakhale akunjenjemera, chifukwa mawu osungidwa kumbuyo kwa gulu sathandiza aliyense.