Mahatchi a Atate m'Matope a ku Chiringa

Ndikukumbukira chilimwe chimene atate anabwera ndi njinga yamoto kuchokera ku Walale, kunja kwa dziko lino kumene ankagwira ntchito. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo m'midzi yonse yozungulira Chiringa munalibe winanso wokhala ndi mthuthuthu. Atate anali mkamwini pamudzi pa amayi, ndipo amalume anga, a Nampinga, sankawawerengera. Mwina n'chifukwa chake ankasamala njingayo kuposa thupi lawo.

Amayi anali oyembekezera. Azamba anali atanena kale kuti ulendo uno akachirire kuchipatala cha mishoni, popeza ulendo wapitawo anapita padera. Atate analonjeza pamaso pa abale onse kuti tsikulo likadzafika adzawanyamula okha panjinga, machila sadzafunika.

Kugalaja kumene ankagwira ntchito, atate anaona mmene amayezera mphamvu ya injini, ndipo anakonza zawozawo pansi pa mtengo wa mango. Ankakweza njinga pazipika, n'kuchotsa tayala lakumbuyo, n'kukoleka lamba wachikopa pagudumu. Nsonga ya lambayo ankaimangirira kusikelo yokoloweka, yonga yoyezera thonje. Injini ikalira, gudumu linkakoka lamba, muvi wa sikelo n'kusuntha. Poti ndinkakhoza masamu kusukulu, ntchito yanga inali kuwerenga muviwo n'kuchulukitsa nambala yake ndi liwiro la gudumu pasileti. Yankho lake atate ankati ndiwo mahatchi, kutanthauza mphamvu ya injini.

"Mahatchi m'kachitsulo aka, alamu?" amalume ankafunsa akudutsa ndi khasu paphewa. "Nanga msipu mumawadyetsa nthawi yanji?"

"Mudzawaona akuthamanga," atate ankayankha osadzutsa mutu.

Chilimwe chonse chinathera pansi pa mango uja. Fungo la chikopa chopserera ndi petulo linkandipweteketsa mutu, makutu ankalira mpaka pogona. Atate anamasula kangapo kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, anadula paipi ya utsi, anasinthanso kagudumu ka mano kokokera tcheni n'kuika kokulirapo. Akatsegula moto wonse, injini inkakuwa mpaka nkhuku kubalalika, ndipo nambala ya pasileti inkakwera sabata ndi sabata. Koma ine ndinkaona muviwo kuyambira poyamba, ndipo chinachake chinkandivuta.

"Atate, gudumu likamayenda pang'onopang'ono muvi ukutsika, injini ikumatsokomola. Kale sinkatero."

"Alipo wogula njinga kuti aziyenda ngati nkhono? Werenga pamwamba, mwanawe. Nambala yaikuluyo ndiyo ya njinga."

Ndinawerenga pamwamba monga anandiuzira.

Matenda a amayi anayamba m'mawa wina mvula itagwa sabata yathunthu. Amene amadziwa dothi la makande la m'chigwa chathu akudziwa mmene limagwirira phazi. Atate anakweza amayi kumbuyo, ine ndi azakhali tikutsatira pansi ndi mitolo. Pamtunda njinga inauluka ndithu, mpaka inatizimirira m'maso. Tinakaipeza padambo. Atate akati ayende pang'onopang'ono, injini inkatsokomola n'kuzima. Akatsegula moto wonse, tayala linkangozungulira pamodzimodzi likumwaza matope. Analiza, inazima, analizanso, thukuta likusakanikirana ndi matope kumaso. Amayi anali atagwira malaya a atate ndi manja onse, milomo itauma.

"Bambo a Esinati," anatero motsitsa mawu, "nditsitseni."

Tisanaganize chochita, tinaona amalume akubwera ndi amuna anzawo atanyamula nsungwi ndi bulangeti. Machilawo anali atawakonzeratu kalekale osauza munthu. Ndinadikira kuti anene za msipu, koma sananene.

"Alamu, gwirani kutsogoloku. Inu ndinu wamtali."

Atate anasiya njinga itagona m'matope n'kuika nsungwi paphewa. Sanalole kulandiridwa njira yonse. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Mlongo wanga anabadwa wamoyo, koma amayi anataya magazi ambiri, ndipo chaka chimenecho sanagwire khasu. Phewa la atate linasupuka, chipsera chake anapita nacho kumanda.

Mvula itatha, atate anakwezanso njinga pazipika. Anabwezeretsa kagudumu kakale, analumikiza paipi ija, n'kundiitana ndi sileti yanga. Mawu awo anali otopa.

"Esinati, yambira pansi. Undiuze muvi uli pati ikamayenda ngati munthu."

Nambala yaikulu ija inatsika, ndipo sanaitchulenso.

Pambuyo pake ndinapita kusekondale, ndinaphunzira dzina lenileni la zimene tinkachita pansi pa mango, ndipo ndinapeza kuti masamu a atate sanali olakwika. Sikelo sinanamepo. Inkanena zonse, za pamwamba ndi za pansi, koma atate ankafuna nambala yoti amalume aimve. Lero ndakalamba, ndipo munthu akamandiuza za mphamvu zake pamene zinthu zili bwino, ndimangomvetsera. Chimene ndimafuna kudziwa n'chakuti amakoka bwanji padambo, akuyenda pang'onopang'ono, wina atamugwira malaya kumbuyo.