Pikapu ya aNangozo Yozima Ikatentha

Mayi Selestina, amene anthu a ku Tsangano amangowatchula kuti aNangozo, anaphunzira kuyendetsa galimoto imvi zitayamba kale kuoneka. Amuna awo, a Maynard, anagwira ntchito zaka zambiri m'mafamu a ku Joni, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi pikapu yoyera yoyendera petulo. Ndiyo inkanyamula mbatata ya kachewere ya banjalo kutsikira nayo kumsewu wa tala, kumene eni malole amapikula. Kenako matenda a shuga anawononga maso a bamboyo. Galimoto inakhala miyezi isanu pansi pa mtengo wa pichesi, mpaka aNangozo anatola makiyi n'kupempha woyendetsa minibasi wina kuti awaphunzitse.

Kwa zaka zitatu pikapuyo sinavute. Chaka chachinayi, m'mwezi wa Okutobala, inayamba khalidwe lachilendo. M'mawa inkalira msangamsanga. Koma ikayenda pafupifupi ola limodzi, dzuwa litakwera, inkayamba kutsokomola, kugwedeza thupi lonse, n'kuzima. Akaidikira theka la ola, inkaliranso ngati palibe chachitika.

Anapita nayo kwa a Aleck, makaniki wa pamsika. Iwo anatsuka kabureta. Sabata yotsatira anasintha pampu ya petulo, kenako anatsuka rediyeta. Nthawi zonse galimoto inkalira bwino pagalaja, n'kukazima panjira. Tsiku lina inazima katatu itadzaza matumba, ndipo pamene ankafika kumsewu malole onse anali atanyamuka.

Mlamu wawo, a Evance, anabwera kudzawalangiza.

"Alamu, gulitsani chinthuchi. Chakalamba ngati mwini wake."

"Mwini wakeyo ndamugulitsa kodi?" anayankha aNangozo.

Iwo anali ataona chinthu chimodzi. A Aleck ankaiyeza galimotoyo ili pamthunzi, itazizira, matenda atabisala. Palibe amene anaiyezapo pa nthawi imene yangozima kumene.

"Bambo a Tisunge, mawa tipitira limodzi," anawauza amuna awo.

"Ine wosaona ndikakuthandizani chiyani?"

"Kupotokola kiyi sikufuna maso. Ndipo za injini zimene munkaona ku Joni mukandiuza. Manja akhala anga."

Panali patapita chaka a Maynard asanatuluke m'mudzimo. Kenako anafunsa ngati jekete lawo linali lochapa.

M'mawa anakweza matumba a mchenga kuti galimoto ilemedwe ngati masiku onse, anatenga sipanala, pulayala ndi chigubu cha madzi. Anayenda uku ndi uku mumsewu wa fumbi, dala kufuna kuti izime. Cha m'ma leveni, pachitunda china, inatsokomola n'kukhala chete. ANangozo anatsika mothamanga, anaika mwala kutayala, natsegula boneti.

"Injini imafuna petulo ndi moto," anatero a Maynard, atasunthira kumpando wa dalaivala. "Yambani petulo. Masulani kapaipi kolowa mu kabureta, mukaloze m'botolo."

Anatero. Bambo anapotokola kiyi, ndipo petulo anathovokera m'botolomo mwamphamvu.

"Akubwera, wambiri!"

"Bwezerani. Tsopano zulani waya wa pulagi imodzi. Mugwire ndi pulayala, musayerekeze ndi dzanja. Muuyandikize kuchitsulo cha injini."

Sitata inazungulira kawiri, katatu. Moto sunaoneke ngakhale pang'ono.

ANangozo analondola wayawo ndi maso kubwerera kumene unachokera, mpaka anafika pa kachitsulo konga kachitini, komangidwa pambali pa injini. Atakakhudza anakuwa, nalowetsa chala m'kamwa.

"Kachitini aka kakuotcha ngati mbaula!"

"Imeneyo ndi koyilo, ndiyo imapanga moto," anatero a Maynard. "Imatentha ndithu, koma osati mpaka kuwaula munthu."

ANangozo sanadikire kuuzidwa. Anavula mpango wa kumutu, anaunyowetsa ndi madzi, naukulunga pakoyilopo osakhudza mawaya. Anathira madzi ena pang'onopang'ono. Patangotha mphindi zisanu anati, "Yesaninso." Kumapeto kwa waya kunathetheka kamoto kabuluu. Atabwezera waya, injini inalira.

A Maynard anaseka mpaka misozi. Koma akazi awo anakana kubwerera kunyumba.

"Mwina yangofuna yokha. Tiione kachiwiri."

Anachotsa mpango, nayendanso mpaka inazimanso. Moto panalibe. Ananyowetsa koyilo, moto unabwerera. Apo ndiye anakhutira.

Tsiku lotsatira aNangozo anakwera minibasi kupita ku Ntcheu boma, koyilo yakale ili m'chikwama, kuti wogulitsa asawapatse yosiyana. Pobwerera anadutsira kwa a Aleck n'kuwafotokozera zonse. Makanikiyo anaitembenuza koyiloyo, naona mng'alu wopyapyala ngati tsitsi umene unkayasama chitsulo chikatentha.

"Mayi, mwandiphunzitsa ntchito yanga," anatero, ndipo anaimanga yatsopanoyo aNangozo atawerama pambali, akuyang'ana waya uliwonse kumene ukupita.

Loweruka lake pikapu inatsika ndi mbatata dzuwa lili paliwombo, osazima. Kuyambira pamenepo a Maynard sakhalanso pakhomo tsiku la msika. Amakhala kumpando wa kumanzere, windo lotsegula, ndipo akamva kaphokoso kachilendo amakweza chala. Sabata yathayi anati lamba wa fani wayamba kulira. ANangozo anaimika pa Kampanje, nakapeza kuti n'zoona.