Kagalimoto kamene kanalumpha masamba a maliro

Amuna anga anali ndi matenda amodzi okha, ndipo sanali mowa kapena akazi. Anali timagalimoto. Osati tamawaya tija ana amapinda okha m'makwalala, koma tochokera kunja, toyendetsa ndi rimoti munthu ataima patali. Ntchito yawo yeniyeni inali yokonza mawailesi pabenchi ina mumsika wa Chilinde, koma ogulitsa zidole za kaunjika onse ankawadziwa. Belo ikatsegulidwa n'kupezekamo kagalimoto kothyoka, kopanda tayala, ankangoti, "Asungireni amisiri aja." Iwo n'kubwera nako kunyumba akumwetulira ngati abweretsa ndiwo.

Umo munali m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, tikukhala ku Kawale m'kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba yaikulu ya alandilodi. Alandilodiwo anali bambo wachikulire wa ku Ntcheu, mkulu wa mpingo, ndipo maliro akagwa m'dera lathu mwambo ankayendetsa ndi iwo. Ife tinali obwera. Tinalibe mbale ndi mmodzi yemwe woti tikagwa m'mavuto n'kutiyankhulira.

Kagalimoto kamene kanatiika m'madzi sikanachokere pa kaunjika. Anabwera nako ndi bambo wina wophika kwa mzungu ku Area 10, bwana wake atakataya posamuka. Kanali m'katoni, zidutswazidutswa, ndipo amuna anga ataona anachita kukhala pansi. Anati ndi kakalekale, ka mtundu uja ankagulitsa kosamanga kuti mwiniwake amange yekha. Dzinja lonse linathera pamenepo. Giya yothyoka mano anachita kusema ina ndi tupa, matayala ong'aluka anamata, masipuling'i anachotsa m'ambulera yanga ndisanavomere. M'katimo munali kadalaivala ka pulasitiki kovala chipewa cholimba, nkhope yake yachizungu. Iwo anakapaka penti yoderapo, amvekere, "Msewu ndi wa ku Kawale, dalaivala akhalenso wakonkuno." Ine ndinaseka, osadziwa kanthu.

Rimoti yake inali chibokosi chachikulu chokhala ndi eriyo yaitali yonyezimira, moti wosadziwa akanati ndi wailesi. Panali lamulo limodzi lomwe ankandibwerezera mpaka kundikwana. "Poyatsa, yambani rimoti. Pozimitsa, yambani galimoto. Zakalezi mukayamba kuzimitsa rimoti, galimoto imangogwira mawu omaliza amene yamva, ndipo palibenso woiletsa." Ndinkayankha kuti akauze anzawo kumsika, ine zidole sindiseweretsa.

Ndiye kunagwa maliro kutsidya kwa msewu wathu, pabanja lina la ku Dedza. Mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa lole, anafera pangozi akuchokera kummwera. Imfa ya munthu wadzuka bwinobwino ija imasiya anthu ndi mafunso, ndipo manong'onong'o anali atayamba kale akuti pali dzanja la munthu. Anyamata anaika masamba pamsewu mbali zonse ziwiri. Aliyense amadziwa tanthauzo lake: wanjinga atsike, wachipewa avule, wagalimoto ayende pang'onopang'ono, wailesi ikhale chete.

Tsiku loika, ine ndinali kusiwa kuyambira m'mawa, kutunga madzi ndi amayi anzanga. Dzuwa litafika pamutu bokosi analitulutsa panja, n'kuliika patebulo kuti mwambo uyambe. Ndinathamangira kunyumba kukatenga beseni lina, ndipo ndinapeza amuna anga ali pabwalo, jekete lakumaliro lili m'thupi, rimoti ili m'manja, kagalimoto kakukwawa pafumbi.

"Inu, mutu wanu ukuyenda bwino?"

"Ndangobwera kudzamwa madzi. Guluu wauma, ndimafuna ndingoona ngati mawilo akukhota."

"Anzanu akulira uko, inu mukuona mawilo. Mwana ndi ndani m'nyumba muno?"

"Kamodzi kokha, mayi. Mpanda ulipowu, akuona ndani?"

Asanatseke pakamwa geti linatseguka. Analowa alandilodi, buku la nyimbo lili kukhwapa, kudzatenga jekete lawo. Geti analisiya pululu. Kagalimoto sanakaone chifukwa kanali kuseri kwa mgolo wa madzi, koma eriyo ija anaiona.

"Achimwene, kuli maliro kunja kuno. Zimitsani wailesiyo."

"Abambo, iyi si..."

"Ndati zimitsani."

Amuna anga ndi munthu woti wamkulu akatsokomola iwo amaimirira. Akuluakulu adati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma iwo ngakhale kuviika kumene sankatha. Ndi mantha aja chala chinakankha kamtengo koyendetsera mpaka kumapeto, chala china n'kuzimitsa rimoti. Lamulo lawo lomwe, analiphwanya okha pofuna kulemekeza munthu.

Kagalimoto kanalira ngati kamwana ka nkhumba. Kanatulukira kuseri kwa mgolo, kudutsa pafupi ndi nsapato za alandilodi, n'kutuluka pageti. Amuna anga anayatsanso rimoti, koma kanali katapita kale patali. Tinathamanga tonse awiri, ine ndi amuna anga. Ndinakaona kakuwoloka msewu, kakulumpha masamba aja osachepetsa liwiro, kakulowa pakati pa mabenchi a azibambo. Azimayi amene anakhala pamphasa anabalalika akukuwa. Kanakagunda mwendo wa tebulo la bokosi n'kukakamira pomwepo, matayala akumbuyo akukumba fumbi, kakulirabe. Nyimbo inadukira pakati.

Anakanyamula ndi mng'ono wake wa malemu, mnyamata wamtali amene maso ake anali atafiira ndi kulira. Matayala ankazungulirabe m'manja mwake. Anakatembenuza, n'kusuzumira m'kati.

"Muli kamunthu," anatero.

Sanakweze mawu, koma onse anamva. Mayi wina wachikulire, azakhali a malemu, anayandikira nsalu ili kukamwa. Anayang'ana kadalaivala kaja, chipewa chake, nkhope yoderayo, ndi kutsogolo kwa kagalimoto kumene kanali kataphwanyika pogunda tebulo.

"Ndi iyeyu," anatero azakhaliwo. "Anamuika m'menemu. Ngakhale lole ija inaphwanyika mbali yomweyi."

Ndinakulira m'tauni, ndikudziwa chimene chimatsatira mawu otere akayankhulidwa pagulu. Dzina la ufiti likakumata silichoka ndi sopo, ndipo anthu olira sadikira khoti. Anyamata awiri anali atawagwira kale amuna anga, wina pakolala, wina palamba. Wina kumbuyo anati kunyumba kwawo kuli tina tambiri pashelefu, tonse tili ndi tianthu m'kati, apite akationetse. Ndinaona mnyamata wina akuwerama mwakachetechete n'kutola chibanthu cha njerwa.

Malume a malemu, amene anali mwini maliro, anakweza dzanja. Anali bambo wofatsa.

"Amisiri, chinthuchi ndi chanu?"

"Ndi changa, bambo."

"Mwachitumiza ndinu pano?"

"Ayi, bambo. Ine ndinazimitsa rimoti."

"Munazimitsa?"

"Eya."

"Nanga ngati munazimitsa, amayendetsa ndani?"

Gulu lonse linang'ung'udza. Amuna anga anayamba kufotokoza za mawaya ndi mabatire, chibwibwi chitawagwira, ndipo mawu aliwonse ankangowakumbira dzenje. Mbama yoyamba inachokera kumbuyo. Rimoti inagwa pansi wina n'kuiponda.

Alandilodi anali ataima pomwepo, pambali pa abusa, buku lawo lili pachifuwa. Anaona zonse kuyambira pageti. Akanangotsegula pakamwa kamodzi, anthu akanamva, chifukwa m'dera lonselo panalibe wowatsutsa. Amuna anga anawayang'ana kamodzi kokha, kenako n'kuzyolika. Ndinadziwa kuti sawatchula. Akanalola kufa kusiyana n'kuloza wamkulu chala pagulu. Alandilodi nawo maso anali kumwamba, ngati akuwerenga mitambo.

Ine pakamwa pangapa mayi anga adalephera kupaweta. Ndinakankha anthu, n'kukagwada kutsogolo kwa malume aja, manja ndikuomba pang'onopang'ono monga mwa ulemu. Koma ulemu unathera m'mawondo momwemo.

"Pepani bambo, pepani anamfedwa nonse. Amuna angawa alakwa, ndipo kupusa kwawo ndikukudziwa ndine kuposa nonsenu. Koma mfiti ayi. Chidolechi chinali kuseri kwa mpanda wathu. Amene anatsegula geti ali pompano. Amene anawalamula kuti azimitse, iwo akuyesa kufotokoza, alinso pompano." Ndinatembenuka ndili chigwadire. "Abambo, si inu munati zimitsani? Munanena kawiri. Mwaima apo ndi buku la Mulungu, mukufuna munthu afe inu mukuonerera?"

Maso onse anatembenukira kwa alandilodi. Mayi wina anandikoka nsalu kumbuyo kuti ndikhale chete, ine n'kumusasa dzanja. Sindinachotse maso anga pankhope pawo.

Alandilodi anatsokomola. Anasuntha buku kuchoka dzanja lina kupita lina.

"Ndinanenadi," anatero motsitsa. "Ndimayesa ndi wailesi. Mwanayu anafuna kundiuza kanthu, ine sindinamvere."

Bambo wina woyendetsa minibasi, mnzake wa malemu, anayankhula ali pabenchi. Anati galimoto iliyonse ukaisiya m'giya n'kutsikamo imapita yokha, safuna mfiti. Ena anavomereza ndi mitu, ena ayi. Azakhali aja ankangolira, akubwereza kuti nkhopeyo ndi ya mwana wawo. Kenako malume anati, "Musiyeni. Tili ndi munthu woti tikamuike." Mnyamata uja anaponya pansi chibanthu chake. Mng'ono wa malemu anazula kadalaivala kaja, n'kupita nako kumene tinkaphikira, n'kukaponya pamoto. Kagalimoto kenikeniko sitinakaonenso, ndipo sitinafunse.

Kumanda tinapita nawo. Amuna anga anayenda ulendo wonse mlomo uli wotupa, malo owazungulira ali mbee, popanda wowayandikira. Koma anayenda ndi miyendo yawo, ndipo pobwerera bambo wa minibasi uja anawapatsa moni wapadzanja anthu akuona. Ndinapuma. Ndinkayesa kuti zatha.

Sabata isanathe, akazi a alandilodi anagogoda pakhomo pathu. Sanalowe ngakhale ndinawayalira mphasa. Anati mphwawo wa abambo akubwera kuchokera kumudzi kudzayamba ntchito, ndiye nyumbayi ikufunika. Ndinawafunsa kuti mphwawoyo wabadwa liti, poti zaka zonsezi sitinamumvepo. Anangoyang'ana pansi n'kunena kuti iwo atumidwa chabe.

Tinapeza kachipinda ku Chinsapo. Tsiku losamuka, katundu wolemera atapita kale, tinatsala awiri m'nyumba yopanda kanthu, amuna anga akumanga katoni ya timagalimoto totsala ndi chingwe cha mphira. Chichitikire zija anali asanatchulepo nkhaniyo. Ndinkadikira mawu amodzi okha, ngakhale kazikomo kakang'ono.

"Mukanangokhala chete, mayi," anatero osandiyang'ana.

"Mwati bwanji?"

"Akanandimenya, n'kutopa, n'kundisiya."

"Njerwa ija simunaione inu. Akanakuphani."

"Mwina." Anakoka chingwe n'kumanga mfundo. "Koma bambo aja ndi aakulu. Munawavula pagulu."

Ndinawayang'ana, mlomo wawo usanapole n'komwe, akumvera chisoni munthu amene anaima n'kumaonerera iwo akumenyedwa. Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuwaswa ndi katoni yomweyo. Pa zonse zimene anandilakwira m'banja lathu, mawu amenewo ndi amene amandiwawabe mpaka lero. Ndinasenza mtolo wanga n'kutsogola, ndipo njira yonse mpaka ku Chinsapo sindinawayankhule.