Ulusi wa pa Mizati ya Doko

A Jilani anabadwira kuzilumba za Kerkennah, kumene mwana amadziwa kusambira asanadziwe kuvala. Ntchito anaipeza mumzinda wa Sfax, pansi pa madzi, kunsi kwa malo okocheza sitima kumene kuli mizati ya konkire yosenza doko lonse. Ankapala nkhono zomata pamzati, kupapasa ndi zala, kugogoda ndi hamala, kenako kutuluka n'kunena kuti uwu uli bwino, uwo mchere wayamba kuudya. Ntchitoyo inawadya makutu. Anzawo ankawatcha Gonthi, ndipo iwo ankaseka nawo chifukwa sankamva.

Pa moyo wawo wonse ankafuna chinthu chimodzi: kuti Wajdi, mwana wawo yekhayo, asadzakwere boti lozembera ku Italiya. Mumsewu wawo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi chithunzi pakhoma cha mnyamata amene anakwera boti lotero. Ena ankaimba foni, ena kunali zii. N'chifukwa chake anamphunzitsa Wajdi ntchito yapansi pa madzi, podalira mwambo wa padokopo wakuti bambo akapuma, malo ake amatenga mwana.

"Bambo a Wajdi, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," akazi awo a Mbarka ankawachenjeza mokuwa kuti amve.

"Ameneyu ndi wanga, si wa ng'ona. Bola mizati ilipo, ntchito ilipo. Mchere sutopa."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china kunabwera injiniya wamkazi, dzina lake Dalenda, ndi mipukutu ya ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi. Pa mizati yatsopano ankaumanga kuzitsulo asanathire konkire, koma pa yakale panafunika munthu woti alowe m'madzi, auzengereze pamzati n'kuumata bwinobwino. Munthu wake anali a Jilani ndi mwana wawo.

"Mayi, kaulusika n'kosokera zigamba kapena?" anafunsa a Jilani.

"M'kati mwakemo mumadutsa kuwala, bambo. Mzati ukangopindika pang'ono, kapena dzimbiri likatupitsa chitsulo, kompyuta muofesimo imaona."

"Ndiye mzati uzidandaula wokha?"

"Eya, usana ndi usiku."

A Jilani anaseka mpaka kutsokomola. Wajdi sanaseke. Ali m'boti akuvala zolowera m'madzi, anayandikira kukhutu kwa bambo ake.

"Bambo, mukuona chimene tikuchitachi? Tikudzikumbira manda."

"Khala chete iwe. Ofesi inayamba yanyowapo? Manga bwino, usandichititse manyazi."

Ndipo anamangadi bwino, ndicho chimawawa kwambiri. Ulusiwo suchedwa kuthyoka, koma m'manja mwa a Jilani sunaduke ngakhale pamodzi. Nyengo imeneyo ndalama zinkabwera, kunyumba kunali chisangalalo. Anapaka penti khoma, anagula firiji, Lachisanu lililonse kusikusi, chakudya chawo cha ufa wa tirigu, ankadyera nyama yankhosa.

Sipanatenge nthawi, ulusi unaloza mzati wina umene a Jilani anali ataupapasa n'kunena kuti ulibe vuto. Anatsutsa mpaka thovu kukamwa. Atakumba matope apansi anapeza mng'alu wolowa chala, kumalo kumene dzanja la munthu silikanafika. Dalenda sanadzitame. Anawathirira tiyi n'kuwauza kuti palibe munthu akanauona. Akanakhala wamwano bwenzi zili bwino, bwenzi a Jilani atapeza womuda. Koma mtsikanayo anali waulemu, ndipo ulusi wake sunaname.

Kampani imene inkawalemba ntchito inaona kuti sipafunikanso anthu olowa m'madzi tsiku ndi tsiku. Pakagwa vuto adzaitana munthu waganyu. A Jilani anawapumitsa ndi mbale yamakeke ndi mawu okoma amene theka lake sanawamve. Atafunsa za malo a mwana wawo, bwana anayang'ana pawindo.

"Malo ake ati, madala? Malowo kulibenso."

Wajdi anayesetsa, tisamunamizire. Anathyola nawo azitona, anatsuka matambula kumalo omwera khofi, anasenza makatoni a nsomba kumsika. Madzulo ankangokhala pakhonde. Tsiku lina atadya chakudya chamasana anapsompsona mayi ake pamutu, n'kunena kuti akukaona mnzake kuzilumba. A Jilani anamuona akumanga zingwe za nsapato mosamala kwambiri, mtima unawauza kuti akukakwera boti lija, koma pakamwa panalibe choti amulonjeze. Foni yake sinalirenso.

Masiku ano ntchito yolowa pansi pa madzi imene yatsala ndi imodzi: kuvuula mitembo. Boti la anyamata ozembera ku Italiya likagubuduzika, asodzi amabwera kudzagogoda pachitseko cha a Jilani, chifukwa amadziwa kuti sakana ndipo safunsa za malipiro. Dokotala anawaletsa, akuti mtima watopa, koma amapitabe. Boti lawo potuluka limadutsa pafupi ndi doko, ndipo iwo amayang'ana kumbali. Zimawapweteka kuti mzati uliwonse pamenepo uli ndi munthu wodziwa mmene wadzukira, pamene za mwana wawo palibe angawauze. Pansi pa nyanjapo, aliyense amene am'peza amayamba am'tembenuza kuti aone nkhope.

Sabata yatha anavuula mtembo wa mnyamata wamsinkhu wa Wajdi, mapewa omwewo, tsitsi lomwelo. Anam'tembenuza n'kuona nkhope. Pofika kunyumba anapeza a Mbarka ataima pakhomo, atagwira feremu yachitseko.

"Mwam'peza?"

"Si iye."

"Mulungu ndi wabwino," anatero a Mbarka. Kenako anayandikira kukhutu kwa amuna awo. "Akabweranso asodziwo, mupitenso. Mwina ulendo wina adzakhala iye, tidzamuike m'manda ifenso ngati anthu."