Tsiku Limene Ndinafuna Kulipira Awiri

M'minibasi za mu Lilongwe muli lamulo limene palibe analilemba, koma aliyense amalidziwa: mwana wofukatidwa salipira, mwana wokhala pampando amalipira ngati wamkulu. Kondakitala safunsa zaka, amangoyang'ana pamene mwanayo wakhala. Lamulo limeneli ine ndimalidziwa ndi ntchafu zanga, chifukwa mwana wanga wachisamba ndinamufukata mpaka mapazi ake anayamba kukhudza pansi.

Anabadwa osalira. Anamwino analimbana naye mpaka analira, koma mochedwa, ndipo kuchedwa kumeneko n'kumene tikukhala nako mpaka lero. Khosi linatenga nthawi kuti lilimbe, miyendo inakhala youma, kuyenda kunakanika. Koma mutu wake uli bwinobwino. Amamva zonse, amasunga zonse, kungoti mawu amatuluka limodzilimodzi, ndiye anthu opupuluma amamuyang'ana n'kuganiza kuti m'menemo mulibe munthu.

Nthawi imeneyo tinkachita lendi kuseri kwa msika waukulu. Bambo ake ndi telala, makina awo ali pakhonde la sitolo ina m'tauni, ndipo ine ndinkagulitsa zitenje pabenchi ya mlamu wanga. Mnzanga wina wa mumsika ndi amene anandiuza za mayi wina wachikulire ku Area 11, wopuma pa ntchito ya m'chipatala, amene ankalandira ana onga wanga m'galaja ya nyumba yake n'kumawachititsa mafizo, kuwongola ndi kulimbitsa thupi. Tinayamba kupitako kawiri pa sabata. Mwanayo anali ndi zaka zimene anzake amayamba sukulu, ndipo tinapitabe mpaka anzakewo anayamba kulemba ndi bolopeni.

Ulendo unkayamba ndi kubereka. Zitenje ziwiri, china chomanga pachifuwa, china chokoleka paphewa, mapazi ake akundimenya kuseri kwa mawondo. Ndinkadutsa pakati pa ogulitsa tomato ndi okankha mawilibala mpaka kudepoti, oyitanira akundikoka uyu uku uyu uku ngati ndine katundu wopanda mwini. Pakhomo pa minibasi m'pamene panali ntchito. Umayenera kumuchotsa kumsana n'kumubweretsa kutsogolo utawerama, mutu wake usagunde chitsulo, kumbuyo anthu akukukankha. Ukakhala, mumapanikizana anayi pampando wa anthu atatu. Mawondo ake sapindika msanga, ndiye ankabaya msana wa munthu wakutsogolo, munthuyo n'kucheuka ndi ukali, akamuona n'kubweza nkhope mwachangu ngati waona zosayenera kuona.

Poyamba chibwano changa chinkakhala pamutu pake ndipo msewu ndinkauona. Kenaka mutu wake unafika pamphuno panga. Mapeto ake ndinkayenda ulendo wonse ndikuona nkhongo yake yokha, iye akuona nkhongo ya munthu wina. Pamlatho magalimoto akaima, ndiye mumaima ndithu, dzuwa la mwezi wa Okutobala likuwotcha denga, thukuta lake ndi langa litasakanizika. Miyendo yanga inkachita dzanzi tisanawoloke n'komwe. Sungasendere, sungadzikande, mphuno ikayabwa umangoyipirira. Tikatsika ku City Centre ndinkayamba ndaima kaye nditagwira mtengo kuti magazi abwerere, kenaka kuberekanso n'kuyamba kukwera chitunda cha ku Area 11, kumene minibasi sizilowa. Kumeneko kuli zii, mipanda yaitali, agalu akuuwa kuseri kwa mageti, alonda akukuperekeza ndi maso. Anthu ankandilimbitsa mtima kuti njovu silemedwa ndi minyanga yake. Amene anapeka mwambi umenewu sanakwerepo minibasi.

M'maulendo amenewa ndinaonerera mikangano yambiri ya azimayi ndi makondakitala. Mayi amalowa ndi chimwana cha sitandade 4, n'kuchikhazika pampando, nthawi yolipira ikafika akuti kameneka n'kakhanda, kasiya kuyamwa dzana. Kondakitala akuti ngati n'kakhanda kafukateni. Mayi akuti kandidetsa diresi. Anthu n'kumaseka, mwana mwiniwake akungogwedeza miyendo, akudya chimanga chootcha, osadziwa kuti pali munthu kumbuyo amene akumusirira. Azimayi amenewa ankamenyera nkhondo kuti ana awo achepe. Ine ndinkalakalaka tsiku limene kondakitala adzandikalipire kuti mwana wanu wakula uyu, lipirani.

Palibe anandikalipirapo. Kondakitala ankatambasula dzanja, kuyang'ana mwanayo, kulandira ya munthu mmodzi, n'kupitirira. Zaka zoyamba ndinkathokoza, sindinama, chifukwa ndalama ya telala imabwera ndi nyengo ya mayunifomu ndi ya zikwati, pakati ponsepo n'kusoka zigamba. Koma mwana akamakula umayamba kumva zimene akumva iye. Tsiku lina tili pamzere wa magalimoto, mkangano wa mtundu womwewu unasanduka msonkhano. Bambo wina wa tayi, wooneka kuti akupita ku maofesi a boma, anati mpando ndi mpando, sudziwa zaka za munthu, ndipo mafuta sachepa chifukwa wakwera ndi mwana. Mayi wina anamuyankha kuti akuyankhula ngati sanaberekepo, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ana onse aziyenda ulere mpaka amalize pulayimale. Wina anati azilipira theka. Kenaka mtsikana wina, mosaganiza zoipa, analoza wanga ndi milomo n'kufunsa kuti nanga onga ameneyu.

Bambo wa tayi uja anatsitsa mawu. “Ayi, ameneyo ndi nkhani ina. Ameneyo sitimuwerengera.”

Onse anavomereza mwachifundo, ndipo kwa nthawi yoyamba minibasi yonse inagwirizana chimodzi. Ndinamva msana wa mwana wanga ukuuma pachifuwa panga. Ndinafuna kuwauza kuti amene simukumuwerengayu akudziwa masiteji onse a msewu uno kuposa inu, koma pakamwa panga panali tsitsi lake, ndipo ndinali nditatopa.

Kugalaja kuja zinthu zinkayenda pang'onopang'ono, moti ukanabwera mwezi uno n'kubweranso mwezi wamawa ukanati tikungotaya nthawi. Mayi wa mafizo anali wosanyengerera. Ankamukhazika pabenchi yaifupi, kumuyika manja pamawondo, n'kubwerera m'mbuyo manja awo ali chire. Mwanayo ankapendekeka ngati thumba losadzaza, iwo n'kumuwakha, n'kumukhazikanso. Ndikafuna kuthamangira ankandibweza ndi diso. Miyezi inapita choncho. Ndiye tsiku lina anakhala. Anakhala yekha, khosi likunjenjemera, lilime lili panja ndi khama, mpaka mayi aja anamaliza kumwa tiyi wawo. Ine ndinalira ngati pamaliro, ana ena onse n'kudabwa.

Pobwerera tsiku lomwelo, ndili naye kumsana pa chitunda chija, anandiuza pafupi ndi khutu mawu atatu amene tinadutsa mpanda wathunthu asanawamalize. Anati ine, pampando, pawindo. Ndinamuuza kuti tiona. Koma iye saiwala. Ulendo uliwonse tikafika padepoti ankanenanso, ndipo ndikamufukata ankakhala chete mpaka kotsikira. Kunyumba anayamba kudziyesa yekha pa kampando kathu, akuuza mng'ono wake kuti azimugwedeza ngati tili m'maenje a mumsewu.

Nditawauza bambo ake, anayamba asiya kaye kupalasa makina. Anati ndalama ya mpando wachiwiri, kupita ndi kubwera, ndi ndiwo za tsiku limenelo, ndipo anthu atatichitira kale chifundo n'chifukwa chiyani tikufuna kudzipweteka tokha. Ndinangowalozera mwanayo, amene anali pa kampando kaja manja ali pamawondo, akutimvetsera. Anamuyang'ana nthawi yaitali. M'mawa mwake ndinapeza ndalama pansi pa sugabolo, ndipo bambo ake anali atamusitira malaya ake a pa Idi.

Tinalawirira. Minibasi yoyamba inali itatsala pang'ono kudzaza, ndinaisiya, oyitanira akundinena kuti mayi mukudikira ndege kapena. Ndinkafuna yopanda anthu kuti tisankhe malo. Itabwera, ndinalowa woyamba, mzere wachiwiri kuchokera kumbuyo, ndipo ndinamukhazika pawindo. Ndinamupinda mawondo bwinobwino, kumuyika manja pamalo pake, phewa lake lina litatsamira galasi, lina litatsamira ine. Kenaka ndinachotsa manja anga n'kuwayika pantchafu zanga, ndipo ndinasowa chochita nawo. Ntchafu zinkamva mphepo. Iye ankayang'ana panja, ogulitsa madzi a m'mapepala, njinga za kabaza, munthu wonyamula matiresi pamutu, zinthu zimene wakhala akuzidutsa zaka zonsezi osaziona bwino. Sankamwetulira, anali pa ntchito.

Anthu analowa, minibasi inadzaza. Mzere wathu tinakwana anayi, iye, ine, ndi abambo awiri. Dalaivala analiza injini. Ndipo pakhomo panafika mayi wina wonenepa, wovala yunifomu ya ntchito ya m'nyumba, akupuma mothamanga, akuti wachedwa ndipo abwana ake samva zifukwa. Kondakitala, bambo wa imvi pang'ono, wa nkhope yofatsa imene siipezeka kawirikawiri pa ntchito imeneyi, anaponya maso m'kati n'kuima pa ife.

“Mayi, tamufukatani mwanayo, awa akhale.”

Ndalama ndinali nditaifumbata kale. Ndinaitambasula pamwamba pa mapewa a anthu. “Ndilipira awiri. Wakhala pampando.”

Anayang'ana ndalamayo, kuyang'ana mwana, n'kupukusa mutu. Akanakhala wamwano ndikanadziwa chochita naye, pakamwa panga mumsika amapadziwa. Koma iye anayankhula motsitsa, ngati mlongo wanga.

“Ayi mayi, musawononge ndalama. Ameneyu ine sindingamulipiritse, Mulungu angandilange. Mukamugulire kena kake.”

Ndinanenanso kuti ndikufuna kulipira, mwanayo akufuna kukhala yekha. Mawu anga anamira. Kutsogolo wina anati makondakitala onse akanakhala ngati ameneyu dziko likanakoma. Bambo wa pambali panga anandiuza kuti mwayi sukanidwa, ndipo pamabampu mwanayo angagwe n'kuvulala, tizidzanena chiyani. Mayi wa pakhomo uja anali atalowetsa kale mwendo umodzi, akundiyang'ana mondipempha, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe tanthauzo la kuchedwa ku nyumba za mipanda zija. Dalaivala anaimba hutala. Kondakitala anatambasula mkono, anagwira dzanja langa ndi manja ake awiri, n'kundipindira zala pa ndalama yanga yomwe.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna munthu mmodzi yekha woipa mtima woti ndikangane naye, koma munalibe. Minibasi yonse inali ya anthu abwino, onse akundidikira, ndipo ndinali kumzere wa chakumbuyo kumene sungatuluke popanda kutsitsa anthu ena. Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu, koma unasowa pofikira. Ukakana chifundo pagulu umasanduka wamisala ndiwe.

Ndinamunyamula mwanayo. Thupi lake linakana, zala zinagwira mphira ya pawindo, ndipo ndinachita kuzimasula chimodzichimodzi. Ndinasendera pawindo paja ineyo, iye pantchafu panga, mayi uja n'kudzipanikiza kumapeto akuthokoza aliyense. Chitseko chinatsekedwa. Kondakitala anandimwetulira, ndipo ine, mwana woleredwa bwino, ndinati zikomo.

Tinatuluka m'depoti, tinatsetsereka mpaka pamlatho, magalimoto n'kuima monga mwa masiku onse. Anthu anayamba nkhani zawo za kukwera kwa mitengo ya zinthu. Malaya a mwanayo, ositidwa aja, anali atayamba kale kunyowa kumsana. Kenaka ndinamva akukoka mpweya, mmene amachitira akafuna kutulutsa mawu, ndipo anapotoza khosi movutikira kuti andione.

“Amayi,” anatero. Ndinadikira. “Ndinagwa?”

Ndinamuuza kuti ayi, sunagwe, unakhala bwino kwambiri, kuposa abambo awa.

Anakokanso mpweya, akusonkhanitsa mawu ena.

“Nanga?”

Magalimoto anali asanayambe kuyenda. Iye anadikirabe atapotoza khosi choncho, akundiyang'ana.