A Yoram kuseri kwa mpanda

Anthu amati mpira wa pa Boma la Mzimba unangokula wokha. Bodza lenileni. Ine ndinalipo, ndinkaphunzitsa kumeneko m'zaka za m'ma 1970, ndipo khomo langa linayang'anizana ndi la a Yoram.

A Yoram anali mlimi wa fodya wochokera ku Edingeni, munthu wamfupi koma wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Kumenya mpira sankadziwa n'komwe. Koma timu yathu ya Ingwe ikamasewera, oonera ali ochepa ngati pa maliro a mfiti, iwo ankabwera ndi chibonga ndi chishango cha malemu bambo awo, cha chikopa cha ng'ombe yakuda, n'kumavina ingoma, gule wa Angoni, m'mphepete mwa bwalo. Poyamba anthu ankawaseka. Kenako anayamba kuvomera nyimbo zawo. Amayi anabwera ndi nthungululu, a ku Embangweni anayamba kufika pa ngolo ndi pa njinga, mpaka ena ankaonera ali m'mitengo. Matimu achilendo ankagwa mphwayi asanavale n'komwe nsapato.

Mukudziwa inu, chinthu chikakoma eni ake amachuluka. Kunabadwa komiti, wapampando wake a Feston, kalaliki wobwera ngati ine ndemwe, munthu amene sanaimbepo nyimbo ngakhale imodzi pabwalopo. Anazinga bwalo ndi mpanda wa udzu, n'kuika geti ndi chisakasa cha akuluakulu.

Loweruka lina kunabwera mlendo wolemekezeka. A Yoram anafika pa geti gulu lawo likuimba pambuyo, ndipo a Feston anawatchingira ndi dzanja.

"Bambo, zida sizilowa muno. Zisiyeni apo pali njingapo."

"Zida zanji, adada? Izi n'za ingoma," anatero a Yoram.

"Mlendo akaona zimenezi aganiza chiyani? Mukufuna mutimangitse?"

Masiku amenewo munthu akangotchula zomangidwa, aliyense ankangomvera. Komabe taganizani, chishango cha bambo ako uchiponye pa fumbi ngati thumba la makala, aliyense azichilumpha? A Feston akanafunsa ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa, akanawauza kuti zimenezo n'zamwano. Sanafunse. Anthu a taye safunsa.

"Chibonga ndisiya, yewo," anatero a Yoram, "koma chishango ndilowa nacho."

"Ndati zonse."

"Mbwenu nanenso ndikhala kunja."

Ndinkati gulu lonse liima nawo. Ayi ndithu. Wenzulo atangolira, anthu anakankhana kulowa, ena n'kumawagunda ndi mapewa osapepesa, anthu omwewo amene anaphunzitsidwa kuimba ndi bambo ameneyu. Ndinawakalipira mpaka mawu anasasa, koma palibe anacheuka. Tinatsala panja awiriwiri. Mtima umandiwirabe mpaka lero ndikakumbukira.

Mlendo anapita, lamulo linatsala. Khamu linapitiriza kukula, ndipo a komiti ankadzitama kuti ndi nzeru zawo. Ndinapita ku msonkhano wawo kukadandaula, wina n'kundiyankha kuti tsabola wakale sawawa, onse n'kuseka. Akazi awo a Yoram, a Modester, anawanyengerera kangapo kuti azisiya chishango kunyumba, azingolowa chimanjamanja ngati anzawo.

"Ndikalowa wopanda ichi, amene walowayo ndani?" anawafunsa choncho, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma kukhala kunyumba kunawakanika, chifukwa timu ija ankaikonda chomene, monga ankanenera eni ake. Loweruka lililonse ankaima kuseri kwa mpanda, diso pa kampata ka udzu, chishango kumkono.

Pa masewero otsiriza a chaka chimenecho ndinaima nawo pomwepo. Ingwe inagoletsa chakumapeto, bwalo lonse n'kuyambitsa nyimbo imene a Yoram anapeka okha. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka. Anakweza chishango, n'kuyamba kuponda pansi mwamphamvu, okhaokha, fumbi kobo, misozi ikutsika.

Mlonda wa pa geti anabwera akuthamanga.

"Madala, kavinireni kutali uko. Mukusokoneza ochemerera."